Momwe mungaphunzitsire Nervous Conditions atsikana osakhala duu

Bukuli analemba Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe ndipo linatuluka mu 1988. Ndi nkhani ya Tambu, mtsikana wakumudzi ku Rhodesia m'zaka za m'ma 1960, amene anapita kusukulu ya mishoni chifukwa choti mchimwene wake Nhamo wamwalira. Ine ndimaliwerenga ndi ana a Fomu 3 kukalabu yathu yowerenga.

Yambani ndi kupeza mabuku. Limodzi pa ana anayi likwanira. Chenjerani ndi ogulitsa m'mbali mwa msewu, ena mabuku awo ndi okopera, zilembo zosaoneka bwino, masamba ena mulibe. Yang'anani manambala a masamba ndalama zikadali m'thumba. Za fotokope musaganizeko, mtengo wa pepala masiku ano ndi wosayamba.

Kenako jambulani banja lonse pabolodi, pamwamba pakhale Babamukuru, bambo aakulu a Tambu amene ndi hedimasitala wa pamishoni, ndi mwana wawo wamkazi Nyasha yemwe anakhala zaka zisanu ku England ali wamng'ono. Mbiri ya atsamunda musachulutse. Loŵerani pa chimanga: Tambu akulima kamunda kake, Nhamo akumuba mondokwa, iye akukagulitsa wotsalawo ku Umtali (lero ndi Mutare) kuti apeze fizi. Apa ana amalankhula okha, poti ambiri fizi yawo imachokera kumunda.

Povuta ndi pamene Tambu watha msinkhu, Nyasha n'kumamulangiza za kudzisamalira. Ulendo woyamba tinaŵerenga gawoli mokweza onse ali pamodzi. Mnyamata wina kumbuyo anaimba likhweru, anzake phwete, atsikana onse nkhope pansi, wina akungokanda desiki ndi cholembera. Kuyambira pamenepo atsikanawo sanakwezenso mkono, ngakhale pa mafunso a chimanga omwe aja. Si mwano ayi. Kwathu kuno nkhani zotere ndi za anankungwi ndi azakhali, sizitchulidwa anyamata ali pomwepo.

Ndiye gawoli lipatseni ngati ntchito yokaŵerenga kunyumba. Mawa lake agaweni, atsikana apite ndi mphunzitsi wamkazi, anyamata atsale ndi wamwamuna. Aliyense alembe funso pakapepala, dzina osalemba, aponye m'katoni ya choko. Mukawaphatikizanso, ŵerengani mapepalawo nokha, musaloze munthu. Chitani chimodzimodzi pofika pomwe Babamukuru akutukwana Nyasha kuti ndi hule atachedwa kuloŵa m'nyumba pochokera kudansi, mpaka awiriwo kugwirana. Ena m'kalasimo zoterezi anaziona kwawo, musakakamize aliyense kuyankha.

Zotsalazo n'zachizoloŵezi. Kambiranani za Maiguru, mkazi wa Babamukuru, mayi wa digiri yachiŵiri amene malipiro ake sawagwira, ndi matenda a Nyasha osanza chakudya. Alembe chimangirizo chofanizira Tambu ndi Nyasha, tsamba limodzi basi, chifukwa wochonga ndinu nomwe.