Momwe Mungasamalire Zakudya Pambuyo pa Ngozi ya Nyukiliya

Pamalo opangira magetsi a nyukiliya pakachitika ngozi yaikulu, poizoni amamwazika ndi mphepo n'kugwera pa msipu, m'minda ndi m'nkhalango, ndipo kwa zaka zambiri amalowa m'matupi a anthu kudzera m'zimene akudya. Poizoniyu saoneka, sanunkha, ndipo moto wophikira sumutha mphamvu.

M'masabata oyambirira, chenjerani ndi mkaka komanso ndiwo zamasamba. Ayodini-131, mtundu wina wa poizoniyu, akagwera pa udzu amatulukira mumkaka wa ng'ombe, ndipo mwana akamwa, poizoniyo amakaunjikana m'chithokomiro. Ngozi ya ku Chernobyl, ku Ukraine, ya pa 26 Epulo 1986 itachitika, ana ambiri akumidzi anapitiriza kumwa mkaka wotere, moti pofika 2005 anthu oposa 6,000 amene anali ana kapena achinyamata pa nthawiyo anali atapezeka ndi khansa ya chithokomiro. Choncho tsekerani ziweto m'khola, muzizipatsa udzu wouma umene unasungidwa ngozi isanachitike. Mwayi wake ndi wakuti mphamvu ya ayodini ameneyu imatsika ndi theka pa masiku 8 alionse. Mapiritsi a ayodini wabwino, wopanda poizoni, muwamwe pokhapokha azaumoyo atalamula, ndipo dziwani kuti amateteza chithokomiro chokha.

Chovuta kwambiri ndi poizoni wina wotchedwa cesium-137, chifukwa pamatenga zaka pafupifupi 30 kuti mphamvu yake itsike ndi theka. Amakhalitsa m'nkhalango, ndiye pewani bowa, zipatso zakutchire ndi nyama yosaka. Mpaka lero nguluwe zina za ku Bavaria, ku Germany, zimapezeka ndi cesium wopitirira mlingo wololedwa. Kuwiritsa bowa kapena nyama m'madzi amchere n'kutaya madziwo kumachepetsa cesium, ngakhale kuti sikumuchotsa yense. Phulusa la nkhuni za m'dera lokhudzidwa musalithire m'dimba, pakuti poizoni wa m'nkhunizo amatsalira mmenemo ataunjikana.

Kumunda, thirani feteleza wa potaziyamu wokwanira, popeza mbewu zimayamwa cesium wambiri nthaka ikasowa potaziyamu. Alimi a mpunga ku Fukushima, ku Japan, anachita zimenezi pambuyo pa ngozi ya mu 2011, ndipo kuyambira 2012 thumba lililonse la mpunga linkadutsa pamakina oyezera lisanapite kumsika, malire ake ali mabekerelo (muyeso wa mphamvu ya poizoniyu) 100 pa kilogalamu. Nanunso kayezetseni zokolola zanu m'malo mongoganizira, chifukwa minda iwiri yoyandikana ikhoza kusiyana kwambiri malinga ndi kumene mvula inagwa masiku a ngoziyo.