Pokonzanso tsamba la pa intaneti la gulu lanu la zaluso

Magulu ena a zisudzo ndi magule kuno kuchigwa cha Shire anapangitsa tsamba la pa intaneti pamene kunali thandizo la pulojekiti. Pulojekiti itatha, mnyamata amene analipanga anapita ku Blantyre ndi pasiwedi yomwe, tsamba n'kutsala likulengezabe chionetsero chimene chinachitika kalekale. Ngati lanu lafika pamenepo, kukongoletsa kudikire kaye.

Tengani foni yotsika mtengo, mugule bandulo yaing'ono ya Airtel kapena TNM, mukaime pamsika wa Ngabu kapena Bangula n'kutsegula tsambalo. Umo ndi momwe anthu anu amalionera, osati pa kompyuta ya mu ofesi. Likachedwa kutseguka, kawirikawiri vuto limakhala zithunzi. Chithunzi chochokera m'foni chimatha kulemera ma MB 3 kapena 5, pomwe mukachichepetsa kufika ma KB 200 chimaonekabe bwino. Kanema wa gule wa utse kapena wa oimba valimba muike pa YouTube, patsamba pakhale polowera pokha, ndipo asamayambe kusewera yekha. Munthu amene bandulo yamuthera asanaone kanthu sadzabweranso.

Wofuna gulu pa ukwati kapena pa msonkhano ku Nchalo amafuna kudziwa kuti ndinu ndani, mumavina chiyani, ndipo akupezani bwanji. Nambala ya WhatsApp ikhale pamwamba penipeni, yoti akaidina ayambe kulankhula nanu. Ngati mumalandira ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, nenani. Mbiri ya momwe gulu linayambira ndi yabwino, koma ipite mkati. Mulembe m'Chichewa ndi m'Chingerezi, ndipo mayina a magule muwasiye momwe eni ake amawatchulira m'Chisena kapena m'Chimang'anja.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi umwini. Dzina la tsamba, lija amati domain, sagula kamodzi n'kuiwala ayi, amalilipira chaka ndi chaka, chimodzimodzinso malo amene tsambalo limasungidwa. Tsiku likapitirira tsamba limazima, ndipo pakapita nthawi dzinalo wina akhoza kuligula. Choncho lilembetsedwe m'dzina la gulu, pa imelo ya gulu. Pasiwedi aidziwe anthu awiri kapena atatu a mu komiti, ndipo msungichuma alembe tsiku lolipira m'buku lomwe amalembamo zopereka za mamembala. Wokupangirani tsamba mumuuze agwiritse ntchito pulogalamu yodziwika yopangira masamba ngati WordPress, kuti iye akachoka wina apitirize. Musamalize kumulipira asanaphunzitse mlembi wanu kusintha deti ndi kuika chithunzi ali pa foni, inu mukuona.

Kuno madzi tikuwadziwa. Namondwe Ana mu Januwale 2022 anaononga damu la Kapichira magetsi n'kusowa, ndipo Freddy mu Malichi 2023 anakokolola katundu wa anthu ku Chikwawa ndi Nsanje. Zithunzi ndi nyimbo za gulu zisakhale mu laputopu imodzi yokha. Muzisunge pa intaneti, pa Google Drive, zina pa fulashi imene ili kwa membala wokhala kumtunda, ndipo muchite zimenezi mvula isanayambe.

Ana amene ali m'gulu musaike nkhope zawo patsamba makolo asanavomere. Akuluakulu osunga miyambo, monga a ku kachisi wa Mbona wa Khulubvi ku Nsanje, muyambe mwawafunsa zimene zili zololedwa kujambula.