Zilembo za IPA zisamasanduke timabokosi mukakaprinta

Anzanga amene mukupanga phonetics, makamaka za transcription zija (kulemba mawu mmene amamvekera ndi zilembo za IPA, International Phonetic Alphabet), tamverani izi. Semesita yatha ndinataipa assignment yonse bwinobwino, ə, θ, ʃ, ŋ zonse zili m'malo mwake, kupita kokaprinta basi pepala kutuluka ndi timabokosi tokhatokha pomwe panali zilembozo, ndalama yapita, nthawi yopereka yatsala ola limodzi, thukuta lokhalokha.

Vuto ndi font. Kompyuta ya pa stationery ikakhala ilibe font yomwe munataipira imangoikapo zake. Pangani dawunilodi Charis SIL kapena Doulos SIL, ndi zaulere ndipo zili ndi zilembo za IPA yomweyi, mutaipe ndi imeneyo. Mukamaliza musanyamule fayilo ya Word pa flash ayi, iseveni ngati PDF, font imalowa mkati mwa fayiloyo ndiye kulikonse imatuluka momwemo. Tsegulani PDF-yo pa foni kaye muone ngati ʊ ndi u zikusiyana, timeneti ndi tomwe a lecturer amatidulira nato mamakisi. Komanso auzeni aprinte tsamba limodzi kaye, muliyang'ane, ndiye mulipire enawo.