Musanawasiye agogo kumalo osamalira okalamba

Pitani kumaloko mosadziwitsa eni ake, m'mawa nthawi yosambitsa. Fungo la mkodzo likakulandirani pakhomo, dziwani kuti zofunda sizisinthidwa msanga. Agogo osatha kudzuka okha amafunika kuwatembenuza maola awiri aliwonse, apo ayi amatuluka zilonda m'chiuno, kumatako ndi kuzidendene. Ndiye funsani kuti usiku amawatembenuza ndani, ndipo pamagona antchito angati.

Kuno ku Salima kutentha kwa Okutobala sikocheza, pomwe okalamba samva ludzu msanga. Onani ngati kapu ya madzi ili poti angaifikire ali chigonere. Neti ikhale yosabooka, udzudzu wa kunyanja mukuudziwa kale. Namwino akuonetseni chiphaso chake cha Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe loyang'anira anamwino ndi azamba. Funsaninso za galimoto yothamangira kuchipatala wina akadwalika pakati pa usiku.