Mmene malangizo osamalira odwala impso amapangidwira

Anzanga ogwira ntchito m'zipatala, musanagwiritse ntchito langizo lililonse la matenda a impso, muzidziwa kumene lachokera. Ine ndimaphunzitsa zimenezi potsatira njira ya bungwe la KDIGO, lolemba malangizo a matenda a impso padziko lonse, lomwe linakhazikitsidwa mu 2003.

Ntchito imayamba ndi funso lolunjika: odwala ati, chithandizo chiti, poyerekeza ndi chiyani, ndipo tikufuna kupewa chiyani, imfa kapena kufika pa dialysis (kusefa magazi impso zikalephera)? Gulu lolemba, la madokotala, anamwino ndi odwala omwe, limaulula kaye ngati wina amalandira ndalama ku kampani ya mankhwala. Osanthula kafukufuku amakhala gulu lina lapadera, kuti wolemba asangotola zomwe zikumukomera.

Kenaka langizo lililonse amalipatsa nambala ndi chilembo. Nambala 1 ndi langizo lamphamvu loyenera odwala ambiri. 2 ikutanthauza kuti mukambirane ndi wodwalayo. Zilembo A mpaka D zimasonyeza kulimba kwa umboni: A ndi wolimba kwambiri, D ndi wofooka kwambiri. Asanasindikize, amaika zolembazo pa intaneti kuti aliyense aperekepo maganizo.

Tengani chitsanzo cha BP. Mu 2021 KDIGO inati kwa wamkulu wodwala matenda a impso okhalitsa amene sali pa dialysis, nambala ya pamwamba ikhale yosafika 120 ngati thupi likulola. Langizoli ndi 2B. Linatsamira kwambiri pa kafukufuku wa SPRINT wa ku America, wa anthu oposa 9,000, yemwe zotsatira zake zinatuluka mu 2015. Koma odwala shuga sanalowemo, ngakhalenso omwe anadwalapo sitiroko.

Apa mpamene mtima wanga umakhala m'mwamba. 120 ameneyu ndi woyeza mwadongosolo: wodwala akhale pampando mphindi zisanu atatsamira, mapazi ali pansi, osayankhula, mkono utatsamira patebulo, lamba woyezera akhale womukwana. Agogo amene angotsika panjinga, akupuma mwawefuwefu pamzere wautali, BP yawo ioneka yokwera. Mukawaonjezera mankhwala pothamangitsa 120, mawa achita chizungulire n'kugwa kubafa.

Ndiye mukatsegula malangizo, pezani nambala ndi chilembo, muwerenge za anthu amene anali mu kafukufukuyo, muonenso chaka. Malangizo akuluakulu a matenda a impso okhalitsa a 2012 anawakonzanso mu 2024, koma ena tikusungabe akale m'mafoni.