Graft ikalowa tizilombo, mankhwala amawaika bwanji pabala pomwepo

Graft ndi kachubu ka pulasitiki, Dacron kapena PTFE, komwe madokotala amasokerera m'malo mwa mtsempha wamagazi wotsekeka. Tizilombo ngati Staphylococcus tikakakamira pamenepo timadzikuta ndi kautoto koterera, biofilm, ndiye poti mu pulasitiki simuyenda magazi, mankhwala a mu dripi safikapo mokwanira. Nchifukwa chake amawaperekanso pamalo penipenipo.

Kawirikawiri zimayambira pabala la m'mphechepeche. Mukaona pafiira, patupa, mafinya, thupi kutentha, musadikire tsiku la cheki apu, pitani lomwelo.

Kuchipatala amayamba atenga mafinya kukayeza ku labu kuti adziwe kachilombo kake. Kenako ku fiyeta, kutsegula bala, kudula mnofu wonse wakufa nkutsuka bwinobwino, apa mpamene pagona nkhani chifukwa mankhwala kuwaika pa zowola nkungotaya. Akatero amasakaniza mankhwala opha tizilombo, vancomycin kapena gentamicin, ndi simenti ya mafupa, PMMA, nkuumba timipira ngati mikanda, kutitunga pa ulusi, kutiwerenga kuti pasadzatsale kena mkati, nkutiyala mozungulira graft ija. Timikandato timatulutsa mankhwala ambiri pompo, ochuluka kuposa omwe impso zingapirire atadzera mu dripi. Pakapita masiku angapo amabwereranso ku fiyeta kukatisintha, mwina kawiri katatu, mpaka labu inene kuti palibe chikumera, kenako amaphimba graft ndi mnofu wamoyo wapantchafu. Ilipo mikanda ina ya calcium sulfate yomwe imasungunuka yokha.

Koma si graft iliyonse yopulumutsika ayi. Ngati msoko wayamba kudontha magazi, kapena kachilombo ndi kolusa ngati Pseudomonas, nthawi zambiri amaichotsa, nkuikapo mtsempha wanu womwe kapena, ngati kachilombo si kolusa kwambiri, graft yatsopano yoviikidwa mu mankhwala a rifampicin.

Inuyo mbali yanu, chonde, zotsegula kapisozi nkuwaza ufa pabala zija musayese, sizifika pa graft, mungozolowetsa tizilombo mankhwala basi. Dripi kapena mapiritsi zimapitirirabe, nthawi zambiri masabata 6 mwinanso kuposa, malizani ngakhale bala likuoneka louma. Fodya musiyeni, shuga muziyeza. Magazi akatuluka pabalapo, olo pang'ono nkuleka okha, kanikizani ndi nsalu yoyera muthamangire kuchipatala nthawi yomweyo, msoko umatha kuphulika pambuyo pa kadontho kotero.