Momwe mungasamutsire pangano la lendi kwa munthu wina popanda kudziputira mlandu

Tiyerekeze kuti munachita lendi malo a bizinesi kwa zaka 10, zatha 4, ndipo mukufuna kuchoka. Wapezeka munthu woti apitirize zaka 6 zotsalazo. Ambiri amangogwirana naye chanza n'kumupatsa makiyi, osadziwa kuti dzina lawo likadali papepala la mwini nyumba. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma njira yake ndi yofanana ndithu, ndipo zitsanzo zambiri pano ndi za ku England, kumene nkhaniyi yazengedwa kwambiri m'makhoti.

1. Dziwani kaye chimene mukuchita

Kusamutsa pangano n'kupereka nthawi yonse yotsala kwa munthu wina, iye n'kulowa m'malo mwanu ndi kumalipira kwa mwini nyumba. Izi n'zosiyana ndi kuchititsako lendi, pamene inu mumakhalabe pakati: iye amalipira inu, inu mumalipira mwini nyumba. Mapangano ambiri amaika malamulo osiyana pa zinthu ziwirizi.

2. Pezani ndime yonena za kusamutsa

Pangano likakhala chete pa nkhaniyi, kawirikawiri muli ndi ufulu wosamutsa. Likaletseratu, mwini nyumba angakane popanda kufotokoza chifukwa, ndipo chimene mungachite n'kumupempha basi. Mapangano ambiri ali pakatikati: amati musasamutse popanda chilolezo. Ku England, lamulo la 1927 la Landlord and Tenant Act linanena kuti ndime yotere imatanthauzanso kuti mwini nyumba asakane popanda chifukwa chomveka, ngakhale mawuwo asalembedwe. Khoti lalikulu la ku California linagamula zofanana ndi zimenezi pa malo a bizinesi mu 1985, pa mlandu wa Kendall ndi Ernest Pestana.

3. Konzani mbali yanu

Malizani ngongole ya lendi, konzani zimene munawononga. Kenako sonkhanitsani zosonyeza kuti wolowayo angakwanitse kulipira: masitetimenti a kubanki, kalata yochokera kumene ankachita lendi kale, ndi zimene akufuna kuchita pamalopo.

4. Pemphani chilolezo polemba kalata

Zoti "alandilodi anavomera pafoni" zimasungunuka tsiku la mkangano. Lembani kalata yokhala ndi deti, dzina la wolowayo ndi mapepala onse aja, musunge kope ndi umboni woti inafika. Lamulo la ku England la 1988 limakakamiza mwini nyumba kuyankha m'nthawi yoyenera, polemba, ndi kutchula zifukwa ngati wakana. Ndi iye amene ayenera kusonyeza kuti kukanako n'komveka, ndipo akazengereza angalipitsidwe. Chifukwa chomveka chimakhudza nyumbayo ndi ubale wa mwini nyumba ndi wochita lendi, monga kukayikira kuti wolowayo alipira kapena kuti bizinesi yake ikuphwanya pangano. Kukana pofuna kukufinyani kuti apeze phindu lomwe silili m'pangano, makhoti sakulola.

5. Musapereke makiyi chilolezo chisanasainidwe

Apa mpamene pagona nkhani. Anthu amaganiza kuti kusamutsa kopanda chilolezo sikugwira ntchito, ndiye zikavuta angobwerera pomwe anali. Mu 1979, pa mlandu wa Old Grovebury Manor Farm ndi Seymour Plant Sales, khoti la apilo ku England linanena kuti kusamutsa kotere kumagwira ntchito: pangano lapitadi kwa wolowayo. Koma pangano laphwanyidwa, ndipo ngati lili ndi ndime yolola kulanda malo, mwini nyumba angayambe ndondomeko yowalanda. Taganizirani munthu amene wakupatsani ndalama, wapenta makoma, waika mashelefu, kenako walandira kalata yoti malo akulandidwa. Adzafuna inu.

Inunso simunamasuke. Lamulo la ku England la 1995, lokhudza mapangano oyambira pa 1 Januwale 1996, limamasula wochoka ku udindo wake akasamutsa mwadongosolo. Wosamutsa mozemba samasulidwa, amakhalabe womangika mpaka pangano litasamutsidwanso movomerezeka. Wolowayo akalephera lendi, kalata ya ngongole ingabwere kwa inu, pa malo omwe simukuwagwiritsanso ntchito. Mapangano ena amachita kulemberatu kuti kusamutsa kopanda chilolezo n'kopanda mphamvu, ndiye kumene lamulo likulola ndime yotere, wolowayo angatsale m'malere.

Ena amadalira zoti mwini nyumba akalandira lendi kwa wolowayo akudziwa zimene zachitika, ndiye kuti wataya ufulu wolanda. Mfundo imeneyi ilipodi m'malamulo, koma ine ndimaiona ngati chida cha loya zinthu zitavuta kale. Munthu sangakonze bizinesi poyembekezera kuti mnzake alakwitse.

6. Werengani zimene chilolezo chikukumangirirani

Chilolezo chimabwera ndi zofuna zake. Mungauzidwe kulipira ndalama za loya wa mwini nyumba, kapena kukhala chikole cha wolowayo. Mukavomera chikole, onetsetsani kuti chikuthera pa munthu ameneyu yekha, osafika kwa amene adzabwere pambuyo pake. Onaninso ngati chilolezocho chili ndi tsiku lothera mphamvu.

7. Sainani chikalata chosamutsira ndi kudziwitsa mwini nyumba

Chilolezo si kusamutsa. Pamafunika chikalata china pakati pa inu ndi wolowayo, chosainidwa motsatira lamulo la kwanuko. Ku England chimayenera kukhala deed, chomwe ndi chikalata chapadera chosainidwa pamaso pa mboni, ndipo mlandu wa Crago ndi Julian wa 1992 unasonyeza kuti izi n'zofunika ngakhale pamene lendi yoyambayo inali yongogwirizana pakamwa. Ngati pangano ndi la zaka zambiri ndipo linalembetsedwa ku ofesi yoona za malo, kusamutsako kulembetsedwenso.

Mukatha, tumizani kope kwa mwini nyumba m'masiku amene pangano latchula. Gwirizanani polemba za dipoziti, ngati ikubwerera kwa inu kapena ikutsalira wolowayo. Tsiku lopereka makiyi jambulani chipinda chilichonse, mulembe manambala a pamita ya magetsi ndi ya madzi, nonse awiri musainire pansi pake.